Tsiku Limene Anaitana Makolo ku Sukulu

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu wakumwamba, amene anandisunga ndili mtsikana, nandisungabe mpaka imvi zino. Anatiyendetsa m'njira imene sitinkaidziwa, natimwetsa madzi m'dziko la eni. Dzina lake lilemekezeke. Ndikulembera inu amene munabadwa Lilongwe ali kale likulu, inu amene mumalowa pachipata cha sukulu osaganiza kanthu.

Ndinabadwira kutsidya kwa malire, m'mapiri a ku Angonia, dzikolo likulamulidwa ndi Apwitikizi. Chilankhulo chathu chinali chomwechi. Tinkalima chimanga ndi mbatata ya kachewere. Nkhondo tinkangoimva kuti ili kutali, kutchire.

Linali tsiku Lachiwiri, nyengo yozizira. Ndinali namwali, ndipo aphunzitsi athu, a Damiyano, ankandipatsa ana aang'ono kuti ndiziwaphunzitsa pansi pa mtengo wa mango. Tinkalemba padothi ndi chala. Mwana wina anali atangolemba chilembo chake choyamba chowongoka. Ndinawerama kuti ndichione. Pamenepo ndinamva kulira kwa galimoto.

Malole awiri analowa m'bwalo la sukulu. Asilikali anatsika, ena azungu, ena akuda ngati ife. Sanakuwe. Mmodzi anapatsa mwana switi. Womasulira wawo anauza a Damiyano kuti boma likufuna kulankhula ndi makolo, ndiye ana apite akawaitane. A Damiyano anaima ndi choko m'manja. Anatiyang'ana tonse, kenako anati, "Pitani."

Ana anathamanga akusekerera chifukwa anaweruka msanga.

Bambo ndinawapeza akumanga nkhokwe. Nditawauza, anatsika, nasamba m'manja ndi m'miyendo, navala jekete lawo lakutchalitchi. Kwathu munthu sankapita kwa aphunzitsi ndi litsiro lakumunda. Mlongo wanga Paulo, amene anali asanayambe sukulu, analirira kuwatsatira, ndipo anamugwira dzanja. Ine anandiuza kuti, "Kaitane mayi ako kudimba." Mawu awo omaliza kwa ine anali amenewo.

Dimba lathu linali kumunsi, m'mbali mwa kamtsinje. Amayi ankathirira mpiru, mng'ono wanga Agata ali kumsana. Anati amalize kaye mzere umene anauyamba. Ndinawathandiza kutunga madzi. Mzerewo usanathe, mfuti zinalira, poyamba kuphiri la pamwamba pa msewu, kenako kusukulu. Mbalame zonse za m'bango zinauluka.

Amayi anaika ndowa pansi bwinobwino, ngati abweranso.

Tinabisala m'bango mpaka utsi unaphimba mudzi. Mayi wina wa kwathu anatipeza komweko, duku litagwa panjira. Anati makolo atasonkhana, asilikali anatseka njira ndi kuyamba kukweza anthu m'malole, ndipo ankhondo a kutchire anaombera ali kuphiri. Anati anawaona bambo akukwera, atamunyamula Paulo. Amayi anamasula chitenje choberekera, nachimanganso mwamphamvu, ndipo tinayamba kuyenda.

Tinkayenda m'minda yokolola kale, osati m'njira. Ndege ikamveka, tinkagona m'mizere, amayi atamupatsa Agata bere kuti asalire. Tinkafukula mbatata m'minda ya anthu ndi kudya yaiwisi. Pa munda uliwonse amayi ankagwada, kupempha Mulungu kuti amubwezere mwini wake. Kenako ankakwirira pamene tafukulapo.

Malire sitinawaone. Tinangodutsa msewu wina wafumbi. Tinadziwa kuti tili m'dziko lina titamva belu, ndi kuona ana ovala yunifolomu ataima pamzere, akuimba. Amayi anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa. Tinazungulira patali, m'ziputu za chimanga. Kuyambira tsiku limenelo sanayandikirenso sukulu iliyonse.

Ku Dedza amayi a mpingo anatisunga mpaka mabala a kumapazi anauma. Amayi anali ndi msuweni wawo amene ankagulitsa nsomba pamsika wa Lilongwe, ndipo anaganiza zoti tikamufune. Dalaivala wina wonyamula matabwa anatimvera chisoni. Anati, "Kwerani amayi, ulere." Amayi anayang'ana loleyo, napukusa mutu. Tinayenda wapansi.

Msewu wonse malole ankatipitirira. Ananyamula matabwa, simenti, zitsulo, ndi amuna oimba atakhala pamwamba pa katundu. Onse ankapita kukamanga likulu latsopano. Fumbi lawo linkatikhalira m'tsitsi.

Tinafika m'tauni yakale dzuwa lili pamutu. Titayandikira msika, mawu aakulu anamveka kuchokera pamwamba pa nyumba ina yoyera. Amayi anafuna kuthawa. Mayi wogulitsa nthochi anaseka, natiuza kuti ndi Asilamu akuitanirana kupemphero. Msuweni uja sitinamupeze. Anali atasamuka, ndipo palibe ankadziwa kumene anapita.

Tinakhala pansi pakhonde la sitolo ina ku Eriya 1. Pakhondepo panali telala, Che Saidi, akupalasa makina. Anayang'ana mapazi athu, ndipo makinawo analeka kulira. Anatuma mwana kukaitana akazi awo, Abiti Juma. Iwo anabwera ndi beseni la madzi ofunda othira mchere.

Anatipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yawo. Sanatifunse za mpingo wathu. Anangofunsa zimene sitidya, ifenso tinafunsa zimene iwo sadya. Ndakhala ndikumva maulaliki ambiri onena za kulandira mlendo, koma woyamba ndinauona ndi maso, ndipo anaulalikira ndi anthu osavala mtanda. Mulungu amatuma amene wamufuna.

Amayi anandilangiza kuti wina akafunsa kwathu, ndizinena kuti ndi ku Dedza. Othawa ambiri tinkatero. Amayi anayamba kutungira madzi amisiri omanga nyumba. Ine ndinapempha kubwerera kusukulu. Sanandiletse, koma sanandiperekeze. Anakandilembetsa ndi Che Saidi, tepi yoyezera ili m'khosi. Ndinakhala pakati pa tiana, maondo anga osakwana pansi pa desiki, ndikuphunzira Chingerezi kuyambira pachiyambi.

Zaka zinapita. Maofesi a boma anayamba kusamuka kuchoka ku Zomba. Ana anachuluka kuposa aphunzitsi, ndipo ananditenga kuti ndizithandiza pa sukulu ina ya m'tauni yakale momwemo. Amayi anandisokera duku latsopano, koma sanabwere kudzaona kalasi yanga.

M'kalasimo munali dziko lonse. Munali ana a makalaliki ochokera ku Zomba, ovala nsapato. Munali ana a amisiri a njerwa ochokera ku Mulanje, ana a ku Rumphi amene ankanong'onezana m'Chitumbuka, ana a ku Nsanje, ana a matelala ndi osula zidebe a pafupi ndi mzikiti. Ena ankachokera kutali, ku Eriya 12, kumene makolo awo anali alonda, makhukhi ndi ogwira m'maluwa, chifukwa sukulu za kumeneko zinali zisanathe kumangidwa. Mmodzi wa amenewa anali Filomena. Ankakhala kutsogolo, pafupi ndi khomo. Masamu ankamaliza anzake asanasongole mapensulo. Kwawo ankati ndi ku Dedza.

Zipinda zinatichepera. Boma linalonjeza malata ndi mchenga, makolo akaumba njerwa. Lachinayi lina m'mawa lole yoyamba ya mchenga inalowa m'bwalo la sukulu, ana ali pamzere. Ahedi athu, a Chimphamba, anakwera pakhonde, nanena kuti, "Aliyense akaitane makolo ake. Mawa masana ndikuwafuna onse pano."

Ndinagwira mzati wa khonde. Nditadzutsa maso, ndinaona Filomena akutuluka pachipata, akuthamanga, mabuku atawasiya pansi. Ana anzake anaseka. Ine ndinadziwa kuti mwanayo si wa ku Dedza.

Msonkhano wa Lachisanu sunayende. Makolo achisilamu anali kumzikiti. Alonda ndi makhukhi sakanachoka kwa mabwana awo masana. Amayi ena a kumpoto anabwera, koma anati sangavomere kanthu amuna awo palibe. Ana ena a konkuno anabwera ndi atsibweni awo, ndipo ahedi anawabweza, akuti anaitana makolo. A Chimphamba sanali munthu woipa. Anali wotopa. Anati anthu a m'tauni muno sakonda sukulu.

Filomena sanabwere. Mwana wa khukhi wa nyumba yoyandikana nawo anandiuza kuti kwawo amanga katundu, ndipo anyamuka Lamulungu.

Madzulo ndinafotokozera amayi. Ankasankha nyemba palichero. Ndinawauza kuti ndikapita ndekha, anthuwo adzangoona sukulu yawatsatira mpaka pakhomo. Anapitiriza kusankha nyemba. Ndinapemphera kuti Ambuye alankhule nawo, popeza ine ndinalibe mawu ena. M'mawa ndinawapeza atavala kale, atakhala pakhomo, akundidikira.

Mabuku ndi chikwama ndinazisiya. Ndinavala chitenje pamwamba pa diresi. Tinadutsa kumene ankamanga maofesi aatali a ku City Centre, pakati pa milu ya dothi lofiira ndi amuna okankha mawilibala. Ku Eriya 12 misewu inali yatsopano, mipanda yaitali, agalu akuuwa m'kati. Mlonda anatilozera kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yaikulu.

Mphasa inali yopinda. Mapoto anali m'thumba. Nkhuku ziwiri zinali zomanga miyendo. Bambo ake a Filomena, a Jowaki, anatuluka m'maluwa ndi chikwakwa m'manja, ndipo sanachiike pansi.

Amayi sanapite pakhomo. Anakhala pansi chapatali, natambasula miyendo, naomba m'manja pang'onopang'ono monga tinkachitira kwathu. Ine ndinakhala kumbuyo kwawo, malo a mwana. Patapita nthawi amake Filomena anatuluka, nakhalanso pansi. Analonjerana nthawi yaitali. Anafunsana za thupi, za ana, za kuzizira. Za sukulu palibe anatchula.

Kenako amayi anafunsa kwawo.

"Ife kwathu ndi ku Dedza," anatero amake Filomena.

"Ifenso ndi komweko," amayi anayankha. "Kuseri kwa phiri, kumene malole analowa pasukulu."

A Jowaki anatsamiritsa chikwakwa kukhoma.

Mudzi wawo unali wina, koma machitidwe anali omwewo. Ana anatumidwa, makolo anasamba, navala bwino, napita. Amake Filomena anataya mayi awo ndi mwana wawo woyamba. Anafotokoza akuyang'ana pansi, akuthyolathyola kaudzu. Filomena anali m'nyumba, ndipo ndinkaona phazi lake limodzi pachitseko.

Ndinawauza kuti lole ija inanyamula mchenga, ndipo msonkhano ndi wa njerwa.

"Aphunzitsi," anatero a Jowaki, "aja nawonso anati ndi msonkhano chabe. Mwana mmodzi watsalayu. Bola akule mbuli koma ali moyo."

Anayankha ndi amayi. "Musamukhulupirire mwana wangayu, amadya za kusukuluko. Tiyeni Lolemba tikaone tokha, tili patali. Inenso sindinafikeko. Ngati muli munthu m'lolemo, ndidzakuthandizani ndine kusenza mapotowa."

A Jowaki anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene anaiwala kasekedwe. Anati Lamulungu sanyamuka. Nkhuku sanazimasule.

Lolemba ndinawaona pawindo la kalasi. Anaima kutsidya kwa msewu, pansi pa bulugamu, amayi ndi amake Filomena, atagwirana chitenje. Lole inabwera. Inalowa chobwerera m'mbuyo, nikhuthula mchenga. Dalaivala anatsika, nagula chinangwa chowotcha, nakangana ndi wogulitsa kuti ndi chowawa. Kenako inatuluka, m'mbuyo mulibe kanthu koma fosholo. Amayi awiri aja anaima pomwepo mpaka inabweranso, nichokanso. Ana anga ankawerenga mokweza, ine ndikupemphera chamumtima.

Masana ndinagogoda kwa ahedi. Ndinawauza kumene ndinabadwira, ndi zimene zinachitika pasukulu yathu. Aka kanali koyamba kuuza munthu wa boma. Anavula magalasi.

"Pepani mayi," anatero. "Nanga tiwaitane bwanji?"

Ndinati tisawaitane. Tipite ndife.

Tinagawana madera. Tikaweruka, tinkayenda khomo ndi khomo. Pakhomo lililonse tinkakhala pansi kaye, ndi kufunsa zinthu ziwiri: amene amayankhula za mwanayu ndani, ndipo tsiku lawo lopatulika ndi liti. Kwina anatilozera bambo, ndipo tinkawadikira potuluka kuofesi. Kwina anatilozera atsibweni, ndipo ahedi eni ake anapita kukapepesa amene anawabweza aja. Ku Eriya 12 tinkagogoda kutsogolo, kupempha adona kuti amasule khukhi kapena mlonda kwa masana amodzi. Ena anakana. Ambiri analola.

Che Saidi atamva za msonkhano wa Lachisanu masana, anaseka mpaka anatsokomola. "Mwanangu, nthawi imeneyo ngakhale makina angawa amafuna kupita kumzikiti. Bwanji simunandifunse?" Uthenga anautengera okha kwa anzawo. Ahedi anati ndiye tichite Loweruka, koma tinapeza mabanja opembedza Loweruka. Anati Lamulungu masana, ndipo mkulu wa mpingo wina anawayang'ana mpaka anabweza okha mawuwo. Tinagwirizana Lachitatu.

Malo anasankha ndi amayi. Anati tisasonkhane m'bwalo la sukulu, koma kudambo, padzenje loumbira njerwa, pamene palibe mpanda ndipo munthu akhoza kuchoka mbali iliyonse.

Lachitatulo ndinafika msanga, ndipo ndinapeza anthu ali kale pomwepo. Anabwera ovala zisoti zoyera ndi ovala mayunifolomu a Chigwirizano cha amayi a mpingo. Anabwera amayi a ku Rumphi, amuna awo ali patsogolo. Anabwera atsibweni aja. Kalaliki wina wa ku Zomba anapinda buluku, nalowa m'matope tayi ili m'khosi. Mmisiri wa ku Mulanje anamukuwira kuti, "Abwana, pondani zenizeni, si kapeti ya ku ofesi imeneyo!" Anthu anaseka m'zilankhulo zonse.

Ndinkayang'ana kunjira yochokera ku Eriya 12. Dzuwa litapendeka ndinawaona. A Jowaki anali patsogolo ndi khasu. Amake Filomena anasenza ndowa. Filomena anali pambuyo, atavala yunifolomu, ngakhale sinali nthawi ya sukulu. A Jowaki sanalonjere ahedi. Anayang'ana mbali zonse za dambo, kenako anavula malaya, nalowa m'dzenje pambali pa kalaliki uja.

M'mawa mwake Filomena anali pamalo pake, pafupi ndi khomo. Ndinamupatsa mabuku ake.

Njerwa zinauma, ndipo amuna anaziwotcha. Linafika tsiku lozituta kuchoka kudambo kupita kusukulu. Amayi onse anapanga nkhata, naima pamzere wautali. Abiti Juma anayambitsa nyimbo ya Chiyao, ndipo ena ankavomera mmene angathere. Ine ndinaima pachipata ndi ana anga, kulozera potula.

Pakati pa mzerewo panali amayi anga, ndipo pambuyo pawo amake Filomena. Atafika pachipata, amayi anaima. Mzere wonse unaima. Palibe anawafulumiza. Milomo yawo inkagwedezeka, ndipo ndinadziwa kuti akutchula dzina la Ambuye. Kenako anaponda m'kati.

Analowa, natula njerwa, natuluka. Palibe anawatsekera njira. Anapita kudambo, nasenzanso zina, nabwera. Ulendo wotsatira amake Filomena anapatuka, nasuzumira pawindo la kalasi, nafunsa mwana wawo kuti amakhala pati. Amayi anga anakhala pamulu wa mchenga kupukuta thukuta, akudandaula kuti njerwa za masiku ano ndi zolemera. Ndinawabweretsera madzi m'kapu ya aphunzitsi, ndipo anamwa onse. Kuthawa kwathu kunathera pamenepo.

Filomena anamaliza sukulu, nakhala namwino. A Jowaki anakalambira m'maluwa a ku Eriya 12, ndipo anaikidwa m'manda a konkuno. Agata anakwatiwa ndi mdzukulu wa mmisiri wa ku Mulanje uja. Amayi anagona mu mtendere m'nyumba mwanga. Che Saidi ndi Abiti Juma anabwerera kwawo ku Mangochi atakalamba, ndipo ndinawaperekeza mpaka pa depoti. Nkhondo itatha tinafunsa m'midzi yambiri za bambo, za Paulo ndi za a Damiyano. Palibe anatiuza kumene malole aja anakaima. Mwini moyo akudziwa, ndipo tsiku lina adzawaitana ndi maina awo.

Tsopano inu amene mwawerenga, makamaka inu oima patsogolo pa ana a eni, Mulungu akupatseni miyendo yofika pakhomo la kholo ndi mtima wokhala pansi musanayankhule. Akusungeni polowa ndi potuluka. Ana anu akathamangira kunyumba masana, kukhale kuti aweruka basi. Mtendere wa Ambuye ukhale pa nyumba zanu, pa sukulu zanu, ndi pa mzinda uno umene unatilandira. Amen.